Amene Ankaimba Kumbuyo kwa Amayi

3 Meyi

Mlongo wanga Makutu,

Moni wa kuno. Tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi, lomwe masiku ano likulosera mvula molondola kuposa anthu a zanyengo a pa wailesi yanu yaikuluyo. Kaya iwe kumeneko, ukudya? Ndalemba kalata chifukwa foni yako imangoitana ngati ili m'thumba la munthu wina. Usaope, sindikupempha ndalama.

M'kaphukusika muli kaseti. Uisamale ngati dzira, palibenso ina.

Pa 7 Julayi kawailesi kathu kakukwanitsa zaka makumi awiri. Inde, komwe umakaseka kaja, ka pamwamba pa sitolo ya mapaipi, kamene makoma ake tinamata mathileyi a mazira ndi mabulangete akale. Kakadalipo. Akamadula chitsulo pansi omvera amamva, ndipo ena amaimba foni kufunsa ngati tagula chida chatsopano choimbira. Aphunzitsi opuma aja akuwerengabe ndakatulo zawo zosadziwa pothera, moti ndimachita kuwakoka jekete. Koma useke usaseke, ndi kuno kokha kumene wometa tsitsi amabwera ndi gitala lake, atsikana a kusekondale ndi sewero lawo, n'kumveka tawuni yonse popanda wowafunsa kuti ndi ana a yani.

Tsikulo tikufuna kuulutsanso pulogalamu yoyambirira yeniyeni, ija amayi ankalakatula ndakatulo yawo ya basi yochedwa. Ili m'kasetimo. Vuto ndi loti tepi yakalamba, imangoti fwee, ndipo makina athu anatsala pang'ono kuitafuna. Papita zaka osaiyika. Amayi akuti phokoso lachuluka, sakumva chimene akufuna kumva. Chimenecho ukuchidziwa, sindichita kukuuza.

Tsono poti ndiwe katswiri wokonza mawu, amene anzako amati umamva udzudzu ukutsokomola, tikonzere. Uyiike pa fulashi, uitumize ndi dalaivala yemweyu amene wakupatsa kalatayi.

Ine ndikadali ku famase mkati mwa sabata, Lamlungu masana pa maikolofoni. Undiuze za moyo wako, osangoti "ndili bwino" ngati uli kupolisi.

Ndine mlongo wako.


14 Meyi

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndili bwino, ndipo ndikudya, lembani zimenezo m'lipoti lanu. Foni ndimazimitsa ndikakhala mu situdiyo, vuto lake n'loti ndimakhala mu situdiyo nthawi zonse. Bondo la amayi mulipititse kwa dokotala, musamalisunge ngati wolosera zanyengo.

Kaseti yanu ndaikonza, ndipo mukaimva simukhulupirira. Koma anthu inu! Munkajambulira kuti, pakati pa msika? Kumbuyo kwa amayi kunali nyundo ikugogoda, mpando ukulira, wina akutsokomola, ndiponso munthu wina akuimba chapansipansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ameneyo ndiye ananditulutsa thukuta, chifukwa mawu ake ankalowerera kunsi kwa mawu a amayi. Ndinalimbana naye masana onse, kumusenga pang'onopang'ono, mpaka ndinathana naye. Mnzanga wa pa desiki yoyandikana nane atamva anati ndiyenera mendulo.

Musakhumudwe, koma apa ndi pamene timasiyana. Kuno munthu akapuma pakati pa mawu, mpweyawo timadula. Akameza mate, timadula. Mphindi iliyonse ili ndi mwini wake, wotsatsa sopo kapena inshulansi, ndiye sitingamugulitse chifuwa cha munthu. Womvera amafuna mawu oyera. Inu kwanuko mumaulutsa chilichonse chimene chadutsa pafupi ndi maikolofoni, kenako mumati ndi luso la m'dera.

Komabe ndakatulo ya amayi ndi yabwino, ndinali ndisanaimvepo. Nthawi imene munkajambulayo ine ndinali kusukulu yogonera, ngati mukukumbukira. Mawu awo anali amphamvu bwanji! Pofika paja akuti basi ikafika adzakhala atakalamba kale pa siteji, ndinaseka ndekha.

Fulashi ili m'envelopu yomweyi. Muwauze amayi kuti ndi mphatso yochokera kwa mwana wawo wa mumzinda, aone kuti sukulu ija sinapite pachabe.

Ndine mlongo wanu.


19 Meyi

Makutu,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Ine sindili bwino kwenikweni.

Fulashi yako ndinaiyika m'kompyuta ya ku situdiyo dzulo, amayi atakhala pa mpando wa alendo. Anakwera masitepe onse aja ndi bondo lawolo. Mawu awo anatuluka oyera mbee, ngati akulankhulira m'nyumba yosamukamo anthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu atapendeketsa, akudikira. Itatha anandiyang'ana n'kuti, "Nanga abambo ako ali kuti?"

Njuchi yako ya m'botolo ija ndi abambo.

Pulogalamu imeneyo tinajambulira m'shopu mwawo, chifukwa situdiyo inali isanathe ndipo ndi mokhamo munali magetsi odalirika. Amayi anakhala pa benchi ya makasitomala, abambo kumbuyo akukhoma zidendene za nsapato. Tinawapempha kuti aime kaye, iwo anati mwini nsapato akubwera masana ndipo sangapite kwawo atavala ndakatulo. Ankaimba chotseka pakamwa chifukwa milomo inali itagwira misomali, monga mwa masiku onse. Nyimbo yake ndi ija amayi anapeka ali mtsikana, yomwe ankatigonekera nayo. Chifuwa chija ndi chawo, mpando uja ndi wawo.

Ukudziwa kuti abambo sanalankhulepo pa wailesi ndipo sankalola kujambulidwa. Chimwalirireni, mawu awo kulibe kwina kulikonse kumene ali. Amayi ndakatulo yawo amaidziwa pamtima, sankafuna kudzimva okha.

Kulakwa kwina ndi kwanga. Ndinayenera kulemba mosabisa, koma ndikati ndilembe za abambo dzanja limandilemera, ndiye ndinadutsa chapatali n'kumati mlongo wanga akangomva awazindikira. Ndinaiwala kuti unali kusukulu. Pepa.

Palibe chaonongeka kwenikweni. Amayi ndawauza kuti watumiza theka la ntchito, theka linalo likubwera. Tsono bweza kaseti, utumizenso mawu aja monga anatulukira usanawagwire. Ukatha kuchotsa kulira kwa tepi kokha n'kusiya abambo amveke, ndidzakupatsa ineyo mendulo imene mnzakoyo akunena. Zikavuta, tumiza choncho ndi fwee wake yemwe. Kuno fwee tinamuzolowera.

Undiyankhe msanga.

Mlongo wako.


9 Juni

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni mwa chikondi. Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda bwino ndiponso kuti ukugona mokwanira. Ine ndili bwino, bondo ndi lomweli.

Ndalemba ndekha chifukwa mlongo wako akuti foni yako yasiyiratu kuyankha, ndipo dalaivala wabwera kangapo chimanjamanja. Sindikukufulumizitsa. Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, ndimadziwa kuti ntchito yothamangira imatuluka yokhota. Ndingofuna kudziwa ngati sukudwala.

Zikomo chifukwa cha theka loyamba lija. Mawu anga unawachapa bwino, ndinadzimva ngati mkazi wa nduna. Koma ukudziwa kuti ndikudikira theka linalo.

Mlongo wako analengeza kale pa wailesi kuti pa 7 Julayi anthu adzamva wosoka nsapato wawo. Kuyambira tsiku limenelo sindikuyenda mwaufulu mumsewu. Mayi wogulitsa nsalu anandiimitsa kundionetsa nsapato zimene abambo ako anasoka, akuti mpaka lero sizinamasuke. A kalipentala, mnzawo wa abambo ako uja, akuti adzabwera ndi mpando wawo ku situdiyo, sakufuna kumvera panyumba. Wometa tsitsi wapeka kale nyimbo. Ndaimva, si yabwino, koma wapeka ndi mtima wonse.

Ndikuuze chinthu chimene mlongo wako sindinamuuze. Nkhope ya abambo ako ndili nayo, ili pakhoma. Mawu ndi amene akundithawa. Ndikatseka maso kuti ndiwamve, nthawi zina kumabwera mawu a mchimwene wawo, nthawi zina a wolengeza maliro pa wailesi. Makutu anganso ayamba kufooka, lakumanzereli latsala la maluwa chabe. Ndikufuna ndiwamve akadali kugwira ntchito makutuwa.

Uzivala juzi, kwayamba kuzizira.

Ndine mayi ako.


16 Juni

Achemwali,

Moni. Kalata iyi muwerengere ku famase, osati kunyumba.

Kaseti kulibe. Mawu osakonza aja kulibenso.

Tepi inali yofumbwa kale. Nditaiyendetsa kamodzi kuti ndikopere mawu m'kompyuta, inaduka kumapeto n'kukulungana m'makina. Ndinachita kuidula ndi lumo kuti ndipulumutse makina a kampani, zidutswazo ndinaponya m'bini pamodzi ndi chigoba chake. Mumtima ndinkati zilibe kanthu, mawu ndawatenga kale. Munandiuza kuti palibenso ina, ndinawerenga, koma ndinaganiza kuti chofunika ndi zamkati.

Zamkatizonso zinapita. Kuno makompyuta amafufuta okha mawu onse osakonza Lachisanu lililonse, kuti malo apezeke. Timasunga zoyera zokha. Kalata yanu inandipeza Lachisanu litadutsa kale. Ndinathamangira kwa anyamata a makompyuta, anafufuza paliponse, anangopukusa mitu. Ndinafunsa mayi wosesa, anati zinyalala za sabata yatha zili kale kumtaya. Kumtayako ndinapita, achemwali, ndi nsapato zanga za kuntchito. Anthu a kumeneko anandiseka.

Foni yanu ndimaiona ikuitana. Ndimaitembenuza n'kuiyang'anitsa pansi.

Chimene chikundidya si kaseti yokha. Ndinakhala ndi abambo masana onse m'makutu mwanga, ndinawamva kobwerezabwereza kuposa munthu wina aliyense, ndipo sindinawazindikire. Ndinkawaona pa kompyuta ngati timizere tosokoneza, ndikusangalala kachidutswa kalikonse kakachoka. Kunyumba mumanditcha Makutu. Makutu ake ati?

Kalata ya amayi ndaiwerenga. Tsono ndili ndi ganizo, mundimvere kaye musanandikalipire. Anthu amati ndikalankhula pa foni amayesa ndi abambo. Nyimboyo ndimaidziwa, amayi ankatiimbira tsiku ndi tsiku. Ndagula kanyundo, misomali ing'onoing'ono ndi nsapato yakutha pa kaunjika. Lamlungu masana situdiyo yaing'ono imakhala yopanda anthu. Ndikhoza kuimba misomali ili pakamwa, kukhoma, kutsokomola, kenako n'kuzilowetsa kunsi kwa mawu a amayi, ndi fwee wake yemwe. Ntchito imeneyi ndimaitha, timachita zotere m'masewero a malonda. Palibe angadziwe.

Ndikudziwa kuti ndi bodza. Koma njira ina ndi yoti mupite mukawauze amayi kuti amuna awo ndawataya m'bini. Ine zandikanika.

Mlongo wanu.


21 Juni

Makutu,

Kalata ziwiri ndang'amba, iyi ndi yachitatu. Zoyambazo zinali ndi mawu osayenera kudutsa m'manja mwa dalaivala.

Ukadakhala pafupi, sindikudziwa chimene ndikadakuchita. Ku famase ndinapatsa munthu wa chifuwa mankhwala a m'mimba, mwamwayi mnzanga anaona.

Ukudziwa chimene ukundipempha? Kawailesi kathu kali ndi zilema zonse. Timayamba mochedwa, timatsokomolera pa maikolofoni, magetsi akazima timangokhala chete mpaka abwere. Koma sitinanamizepo munthu. Womvera akamva gitala, amadziwa kuti ndi la wometa tsitsi, ndipo mawa akamufunsa kuti chingwe chachitatu chinatani. Ndi chokhacho chimene tili nacho choposa inu. Lero ukuti ndikhale pa mpando womwewo, nditsegule pakamwa, ndiuze tawuni yonse kuti awa ndi abambo anga.

Koma nanenso ndilibe podzitamira. Ndinalengeza chinthu chisanafike m'manja mwanga. Ndinkafuna anthu aone kuti pulogalamu yanga si yamasewera, kuti ndili ndi mlongo wodziwa ntchito mumzinda. Ndinabwereza chilengezocho Lamlungu lililonse, ngakhale foni yako itasiya kuyankha ndipo mtima ukundiuza kuti pali china.

Dzulo ndinalimba mtima kuti ndiwauze amayi. Ndinawapeza akusita diresi lawo la buluu lija, limene anasiya kuvala abambo atamwalira. Anati, "Likundikwanabe, taona." Ndinati inde likukukwanani, n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale.

Sindikuti chita. Sindikutinso usachite.

Mpando wa abambo unali wachitsulo, osati wathabwa, unkalira akaweramira kutsogolo. Ankakhoma katatu motsatizana kenako n'kupuma, akutenga msomali wina pakamwa, ndipo pamenepo nyimbo inkaduka pang'ono. Kutsokomola kwawo kunali kouma, kwa guluu. Sindikudziwa chifukwa chake ndikukuuza zimenezi.

Mlongo wako.


6 Julayi

Achemwali,

Moni. Fulashi ndi iyi. Pepani kuti yafika mochedwa chonchi, ndinaibwereza kambirimbiri. Kawiri konse ndinafufuta zonse n'kunena kuti basi, ndikuwauza amayi zoona, kenako n'kuyambanso.

Mpando wachitsulo ndinabwereka kwa alonda. Msomali umodzi unandibaya lilime, ndipo mlomo wapansi watupa, anzanga akuti ndamenyedwa ndi mkazi wa mwini. Ndikuwasiya aganize choncho, n'zopepukirapo kusiyana ndi zoona zake.

Nditamaliza ndinamvetsera ndekha, ndipo misozi inatuluka. Kenako ndinachita manyazi, poti amene ndinkamulirayo ndi ine ndemwe.

Kubwera sindibwera. Muwauze amayi kuti ntchito yandigwira. Sindingathe kukhala m'chipinda chimenecho iwo akumvetsera.

Mundiuze mmene ziyendere.

Mlongo wanu.


8 Julayi

Makutu,

Moni. Wati ndikuuze, ndiye tamvera.

Basi inafera panjira, fulashi inafika dzulo masana a kalipentala akukwera kale masitepe ndi mpando wawo kumutu. Ndinalibe mpata woimvera ndekha. Mwina ndikadaupeza mpatawo, koma sindinaufune.

Situdiyo inadzaza mpaka pamasitepe. A sitolo ya mapaipi anatseka kuti kukhale bata, chinthu chimene sichinachitikepo. Aphunzitsi opuma anawerenga ndakatulo yaifupi, anthu anawomba m'manja chifukwa cha kufupikako. Wometa tsitsi anaimba. Kenako ndinayandikira maikolofoni n'kunena bodza langa, mawu osanjenjemera n'komwe. Zimenezi zandiopsa.

Nyundo itangogunda koyamba, a kalipentala anavula chipewa. Mpando unalira, chifuwa chinamveka, amayi anatseka maso atagwira m'mphepete mwa tebulo. Ntchito umaidziwa, Makutu, pamenepo sindikutsutsa. Inenso amene ndimadziwa zonse ndinamva fungo la guluu.

Kenako nyimbo inafika paja imakwera paja. Iwe unakwera. Unakwera bwinobwino, mosalala, mpaka pamwamba.

Abambo sankakwera pamenepo. Ankafika pakati n'kugwera pansi, moyo wawo wonse, ndipo amayi ankakuwa ali kukhitchini kuti, "Mwaphonyanso!" Ndinakuuza za mpando, za chifuwa, za misomali, koma ichi sichinandibwerere m'mutu. Iwe nyimboyi unaiphunzira kwa amayi, ndiye unaiimba monga mwini wake anaipekera. Ndikudziwanso kuti ngakhale ukadaphonya mwangozi, dzanja lakolo likadawongola lokha.

Amayi anatsegula maso n'kuyang'anitsitsa sipika. Nyimbo inabweranso pokwera kachiwiri, iwe n'kukweranso. Nkhope yawo inasintha, sindikudziwa ndiitchule bwanji. Sanalire. Pulogalamu itatha foni sinapume, anthu akuthokoza, ena akulira. A kalipentala anandigwira dzanja n'kuti, "Mwatibwezera mnzathu." Palibe wina anazindikira.

Amayi anatsika masitepe n'kulunjika kwathu. Kunyumba anavula diresi, kulipinda, n'kukhala pabedi. Chakudya sanadye. Lero m'mawa andipempha pepala ndi cholembera, basi.

Ndikuganiza kuti atigwira. Mwina ndi bwino choncho, ine ndatopa kuwathawa maso m'nyumba imodzi.

Mlongo wako.


10 Julayi

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Ndinamva kuti ntchito inakugwira, palibe kanthu. Zikomo kwambiri chifukwa cha zimene wandichitira. Ndawamva abambo ako. Koma ndamvanso chinthu china chimene chandisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna ndikuuze iwe poyamba, popeza ndiwe wachitulutsa poyera.

Zaka zonse za ukwati wathu ndinkawanena abambo ako kuti amaphonya nyimbo yanga pamene imakwera. Ndinkawanena m'nyumba, ndinkawanena pamaso pa alendo. Iwo ankangoseka n'kuti, "Makutu anuwo ndi amene ali okhota, mayi." Ine ndinkati makutu a mphunzitsi sangakhote.

Pali chimene inu ana simukuchidziwa. Mumati abambo anu ankadana ndi wailesi. Ayi. Kawailesi katangoyamba tinasonkhanitsa kagulu koti kaziimba nyimbo imeneyi potsegulira mapulogalamu. Tsiku loyamba lokonzekera, abambo ako anatseka shopu msanga, anasamba m'manja mpaka guluu yense kuchoka, anavala malaya oyera, n'kukwera masitepe aja. Ine ndinawauza pamaso pa anthu onse kuti, "Inu bwererani ku nsapato zanu, mutionongera nyimbo." Anthu anaseka, iwonso anaseka, anatsika. Sanakwerenso masitepe amenewo mpaka kufa kwawo, ndipo maikolofoni ikawayandikira ankatembenuka.

Ndinkadzitonthoza kuti ngakhale ndinalankhula mwaukali, ndinanena zoona. Lamlungu ndinamva ndi makutu anga, tepi itayeretsedwa ndi katswiri. Amakwera bwinobwino. Kawiri konse. Makina sanama, mwana wanga, alibe mbali. Ndiye kuti wokhota ndinali ine. Munthu ankaimba nyimbo yanga molondola tsiku ndi tsiku kumbuyo kwanga, ine n'kumamukuwiza, mpaka ndinamutsekera kunja kwa wailesi yomwe timati ndi ya aliyense. Tulo sindikupeza. Ndikayang'ana chithunzi chawo pakhoma ndimazemba maso.

Iwo sindingawapepesenso. Koma ena amene anaseka tsiku lija akadali moyo, ndipo amamvera. Ndauza mlongo wako kuti Lamlungu likubwerali andipatse maikolofoni. Ndinawanyoza pagulu, ndikawayeretsanso pagulu. Ndikanena kuti mwamuna wanga ankadziwa kuimba, wosamva ndinali ine. Pambuyo pake ndikapempha kuti mawu awo amenewa azitsegulira mapulogalamu onse kuyambira tsopano, atenge malo amene ndinawamana.

Kawailesi kathu sikafika kwanuko, kamathera pa mlatho, n'chifukwa chake ndakulemberatu.

Ndine mayi ako.

Makutu, ndine mlongo wako. Amayi andipatsa kalatayi yosamata kuti ndiike pa basi, ndipo ndawerenga. Zoona zake sindinawauzebe. Akulemba kale zokanena Lamlungu.


12 Julayi

Amayi,

Moni. Musapite pa maikolofoni Lamlungu.

Makutu anu sanakhotepo. Abambo ankaphonyadi pokwera, monga munkanenera. Amene munamumva akukwera bwino uja ndine, misomali ili pakamwa, mu situdiyo ya kuntchito kwathu. Nyundo ija ndi yanga, chifuwa chija ndi changa. Mawu enieni a abambo ndinawafufuta ndi manja anga ndikuyesa phokoso, osazindikira kuti ndi iwo, ndipo kaseti ndinaitaya. Palibe pena pamene atsala. Achemwali musawakalipire kwambiri, nzeru yonamayi inachokera kwa ine.

Za malaya oyera aja sindingaweruze, ndi za inu ndi abambo. Koma zaka zonse zija simunawanamizire. Ndinaopa kukuuzani kuti ndakutayirani mawu awo, ndiye ndakusenzetsani mlandu umene si wanu, ndiponso ndatsala pang'ono kukuchotserani ndi ochepa omwe munkawakumbukira. Amene mumawakumbukira akugwa pakati pa nyimbo aja, inu mukukuwa kukhitchini, ndiwo abambo enieni. Musawasinthanitse ndi ine.

Ndikwera basi ya mawa m'mawa. Kalatayi ndaitsogoza chifukwa pamaso panu pakamwa pakhoza kundikanika. Omvera nawonso ananamizidwa, ndipo mukalola, Lamlungu maikolofoniyo mupatse ine ndikawauze ndekha.

Mukakhala kuti simukufuna kundiona, musadzivute kutsegula chitseko. Ndidikira pakhonde.

Ndine mwana wanu.